Jakisoni wa pokumanira msana ndi chiuno

Mukamufunsa munthu wodwala msana kuti akusonyezeni pomwe pakupweteka, kawirikawiri amatambasula dzanja n'kusisita chiuno chonse, uku ndi uku, n'kunena kuti, “Monsemu.” Koma alipo ena amene satero. Amatenga chala chimodzi n'kuloza malo amodzi, m'munsi mwa podutsa lamba, cha kumbali pang'ono, pamwamba pa thako. Mukawafunsanso patapita kanthawi, chala chija chimabwerera pomwepo osaphonya. Dokotala wina wa ku America, Joseph Fortin, anaona kuti kulozaku sikongochitika, ndipo mu 1997 analemba za njira yoyezera yosavutayi, yomwe mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Pansi pa chala chija pali mfundo ya mafupa yomwe anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Msana wa munthu umathera pa fupa lalikulu la ngodya zitatu, lotambasuka kumwamba n'kusongoka kumunsi, lomwe achipatala amalitchula kuti sacrum. Mwana akamabadwa fupali limakhala timafupa tisanu, koma akamakula timagwirana n'kukhala fupa limodzi. Kumanzere ndi kumanja kwake kuli mafupa awiri otambasuka a chiuno, aja amene mayi amakhazikapo mwana akamunyamulira m'mbali. Lililonse la mafupawa limatchedwa ilium. Pomwe mafupa awiriwa akumana ndi pamene pali mfundo ya sacroiliac, ina kumanzere ina kumanja. Anthu ena amakhala ndi timaenje tiwiri kumunsi kwa msana. Mfundozi zili cha pamenepo, koma mkati ndithu.

Kulemera konse kwa mutu, manja, chifuwa ndi mimba, kuphatikizapo ndowa yomwe munthu wasenza kapena thumba la chimanga lomwe lili paphewa, kumadutsa pa mfundo ziwirizi kuti kufike kumiyendo, monga momwe denga limatsamirira pa mtanda kuti mizati ilisenze. N'chifukwa chake sizinapangidwe kuti zizipindika ngati bondo kapena chigongono. Mafupa ake ndi okumbikakumbika ndipo amalowana, kenako amamangidwa ndi mitsempha yomwe ili m'gulu la yolimba kwambiri m'thupi lonse. Mfundoyi imasuntha ndithu, koma pang'ono zedi, mamilimita 2 kapena kucheperapo, ndipo munthu akamakalamba imanka niuma.

Chinthu cholimba chotere chimavulala bwanji? Ena amagwa chokhala n'kumenyetsa thako limodzi pansi. Ena amachita ngozi ya galimoto phazi lili litaponda mabuleki mwamphamvu, mphamvu yonse n'kukwera ndi mwendo mpaka kuchiuno. Wina ali ndi mwendo umodzi wofupikirapo, ndipo zaka zonse mbali imodzi yakhala ikusenza katundu woposa inzake. Amene anachitidwa opaleshoni yolumikiza mafupa a kumunsi kwa msana nawonso nthawi zina amayamba kumva ululu pamenepa, popeza ntchito yomwe inkagwiridwa pamwamba yatsikira pansi. Koma amene amaidziwa bwino mfundoyi, ngakhale saidziwa dzina, ndi amayi oyembekezera. Thupi la mayi wapakati limatulutsa mahomoni ofewetsa mitsempha ya m'chiuno kuti mwana adzapeze njira, mimba nayo ikukokera kutsogolo, ndipo pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amamva kupweteka kwa mafupa a chiuno. Ambiri amapeza bwino pakapita miyezi ingapo atachira. Ena ululu umawakakamira.

Odwala amafotokoza zofanana. Kumapweteka akamadzuka pampando, akamakwera masitepe kapena chitunda, akamatembenuka pogona, akaima ndi mwendo umodzi kuti avale. Pokhala amapendekera mbali yomwe ilibe vuto. Ululu umatha kutsikira m'thako, kumbuyo kwa ntchafu, mwinanso m'mphechepeche, ndipo kwa ena umapitirira bondo. Apa m'pamene pagona vuto, chifukwa zizindikiro zomwezi zimathanso kuchokera ku mfundo ya ntchafu, ku timfundo ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa msana, kapena ku disiki, kachinthu kofewa kaja kokhala pakati pa mafupa a msana.

Mu 1905, madokotala awiri a mafupa a ku Boston, Joel Goldthwait ndi Robert Osgood, analemba kuti mfundo ya sacroiliac ndi gwero la kupweteka kwa msana, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 madokotala ambiri ankailoza chala pa vuto lililonse la m'chiuno. Kenako mu 1934, mumzinda womwewo, William Mixter ndi Joseph Barr anasonyeza kuti disiki ikaphulika imapanikiza mtsempha wopita kumwendo, ndipo opaleshoni imatha kuthetsa ululuwo. Maso onse anatembenukira ku disiki. Mfundo ija inaiwalika, moti ena anafika pokayikira ngati imasuntha kapena kupweteka n'komwe. Inadzabwereranso m'mabuku cha m'ma 1990, ndipo chomwe chinaibweza ndi singano.

Mu 1994 Fortin ndi anzake anachita chinthu chooneka chachilendo. Anatenga anthu abwinobwino omwe anadzipereka, n'kuwathira madzi a mankhwala m'mfundoyi kuti ifufume, kenako n'kuwafunsa pomwe akumva kusintha. Onse anasonyeza kachigawo kamodzi ka pathako, kotalika pafupifupi masentimita 10 ndi kotambasuka pafupifupi 3. Apa zinadziwika kuti mfundoyi imamva ululu, komanso kuti ululuwo uli ndi malo ake. Masiku ano ofufuza amati mwa anthu 100 alionse odwala msana wakumunsi kwa nthawi yaitali, pakati pa 15 ndi 30 vuto lawo limachokera pamenepa. Ziwerengerozi zatalikirana chonchi chifukwa zimadalira mmene ofufuzawo anayezera.

Wina angafunse kuti bwanji osangojambula. Kujambula kumathandiza ngati pali fupa lothyoka, chotupa, matenda a tizilombo kapena nyamakazi yotupitsa mfundo. Koma pa ululu wamba wa mfundoyi, X-ray ngakhalenso MRI sizinena zambiri. Munthu amatha kukhala ndi mfundo yooneka yoperepeseka pachithunzi koma osamva kanthu, wina n'kukhala ndi chithunzi choyera bwino koma akulephera kugona. Choncho dokotala amayamba ndi manja. Amamugoneka wodwala chagada n'kukankhira mafupa a chiuno kunja. Amapinda bondo n'kukankha ntchafu molunjika pansi. Amamugoneka cham'mbali n'kupsinja chiuno, kenako chafufumimba n'kudinikiza sacrum. Funso limakhala limodzi nthawi zonse: “Kodi uwu ndi ululu womwe uja umakuvutitsani?” Katswiri wa mafizo wa ku New Zealand, Mark Laslett, anasonyeza mu 2005 kuti kuyeza kumodzi sikokwanira, koma njira zingapo zikadzutsa ululu womwewo, makamaka zitatu kapena kuposerapo, mpata woti vuto lili pamfundoyi umakula. Zonse zikapanda kuudzutsa, dokotala akhoza kukafufuza kwina.

Kuyeza ndi manja kukaloza pamfundoyi, chotsatira chimakhala jakisoni. Koma jakisoni amene tikunena pano asasokonezedwe ndi uja wa diclofenac yemwe ambiri timathamangira kukabayitsa pathako msana ukavuta. Ameneyo amalowa m'mnofu, mankhwala n'kuyenda ndi magazi thupi lonse, mofanana ndi kumwa mapiritsi. Uyu ndi wina. Cholinga chake n'kufikitsa mankhwala mkati mwenimweni mwa kampata kopapatiza, kokhotakhota, kobisika kuseri kwa fupa.

Wodwala amagona chafufumimba pa tebulo, kamtsamiro kali pansi pa mimba. Pamwamba pake pamakhala makina a X-ray opindika ngati chilembo cha C, omwe amaonetsa mafupa pa sikirini nthawi yomweyo. Makina otere amapezeka m'zipinda za opaleshoni ya mafupa m'zipatala zikuluzikulu. Khungu limatsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo, n'kufunditsidwa nsalu yoyera yobowola pakati. Dokotala amapendeketsa makina aja pang'onopang'ono mpaka mzere wa mfundo uoneke bwino, makamaka kumunsi kwake komwe kuli polowera. Amabaya kaye kajakisoni kochititsa dzanzi pakhungu, komwe kamaluma kwa masekondi ochepa. Kenako amalowetsa singano yaitali koma yopyapyala, kukankha pang'ono, kujambula, kukhotetsa pang'ono, kujambulanso. Nsonga ikalowa m'kampata kaja, amathira kadontho ka mankhwala oonekera pa X-ray. Ngati singano ili pamalo, pa sikirini pamaoneka kamzere kakuda kakukwera motsata mfundo. Ngati kadonthoko kangounjikana pamodzi kapena kathawira mumtsempha wa magazi, amakonzanso singano. Akakhutira m'pamene amathira mankhwala enieni, mamililita 1 kapena 2 basi, osakwana theka la kasupuni ka tiyi, chifukwa mfundoyi silandira zambiri ndipo otsalawo amangotayikira kunja. Pa nthawiyi wodwala amamva kuthina, ndipo ena amafuula kuti, “Eya, pomwepo!” Zonse zimatha m'mphindi 15 mpaka 30, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Zipatala zina zimagwiritsa ntchito CT kapena sikani ya ultrasound m'malo mwa X-ray.

Kodi dokotala waluso sangangopapasa ndi zala n'kubaya? Ofufuza ena a ku America anayesa zimenezi ndipo analemba zotsatira mu 2000. Odwala anabayidwa mopapasa, kenako n'kujambulidwa ndi CT kuti aone komwe mankhwala apita. Analowa m'mfundo mwa odwala 22 okha pa 100 alionse. Kwa ena onse anamwazikira m'minofu ndi m'malo ena oyandikana nawo. Munthu akakuuzani kuti akubayani pamfundoyi m'kachipinda kopanda makina ojambulira, dziwani kuti mpata waukulu ndi woti singano ikathera pena.

Mankhwala omwe amathiridwa amakhala amitundu iwiri, ndipo ntchito zake n'zosiyana kwambiri. Oyamba ndi ochititsa dzanzi, monga lidocaine kapena bupivacaine. Awa sachiza chilichonse. Ntchito yawo n'kutseka pakamwa mfundoyo kwa maola ochepa kuti dokotala aone ngati ululu usiye. N'chifukwa chake nthawi yofunika kwambiri si ya kubaya ija, koma ola lotsatira. Wodwala amauzidwa kuti adzuke, ayende, akhale pampando n'kudzukanso, awerame, achite zonse zomwe zimamupweteka masiku onse. Amapatsidwa pepala loti azilembapo kukula kwa ululu, kuyambira 0 mpaka 10, ola lililonse. Ululu ukatsika kwambiri, ndipo madokotala ambiri amafuna kuti utsike ndi magawo 75 pa 100 alionse, ndiye kuti mfundoyi ikuganiziridwa moyenera. Ukapanda kusintha, jakisoni uja sanapite pachabe: wasonyeza kuti vuto lili kwina, ndipo wamupulumutsa munthu ku chithandizo cholakwika.

Komabe thupi limatha kunamiza. Munthu amene wavutika zaka zambiri, wafika m'chipinda chodzaza ndi makina, wagwiridwa ndi dokotala wamkulu, amatha kumva bwino chifukwa cha chiyembekezo chokha. Mankhwala amathanso kudontha n'kuchititsa dzanzi malo oyandikana nawo. Dokotala wa ku Paris, Jean-Yves Maigne, anasonyeza kukula kwa vutoli mu 1996. Mwa odwala 54 omwe ankaoneka kuti vuto lawo lili pamfundoyi, 19 anapeza bwino atabayidwa koyamba. Atawabayanso tsiku lina ndi mankhwala ena ochititsa dzanzi, amene anapezanso bwino anali 10 okha. N'chifukwa chake madokotala osamala amabaya kawiri asanaganize zochita zazikulu: tsiku lina ndi mankhwala osachedwa kutha mphamvu, tsiku lina ndi okhalitsa, n'kuona ngati mpumulowo ukutsatira nthawi ya mankhwalawo.

Mtundu wachiwiri ndi mankhwala a steroid, monga triamcinolone kapena methylprednisolone, omwe amachepetsa kutupa. Mbiri yawo inayamba mu 1948 pamene Philip Hench wa ku Mayo Clinic anapereka cortisone kwa mayi wodwala nyamakazi yemwe ankalephera kuyenda, ndipo patangopita masiku ochepa mayiyo anadzuka. Mu 1950 Hench analandira nawo mphoto ya Nobel, ndipo chaka chotsatira Joseph Hollander wa ku Philadelphia anafalitsa njira yobaya hydrocortisone mwachindunji m'mfundo zotupa. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku lomwelo. Dzanzi likatha madzulo, ululu umabwerera, mwinanso moposa kale kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo wodwala amene sanachenjezedwe amaganiza kuti amupweteka. Mphamvu ya steroid imayamba kumveka pakapita masiku angapo, mwina sabata.

Ndiye amathandiza mpaka liti? Apa tiyenera kunena mosapsatira. Kwa amene athandizidwa, mpumulo umakhala wa masabata angapo kapena miyezi yochepa, ndipo alipo ambiri amene samva kusintha kulikonse. Umboni wooneka bwino uli pa anthu omwe mfundo zawo zatupa chifukwa cha nyamakazi ya msana, monga matenda a ankylosing spondylitis, omwe amayamba munthu akadali wachinyamata, amaumitsa msana m'mawa, ndipo amachepa munthu akayamba kuyendayenda. Kafukufuku wina waung'ono wa ku France mu 1996 anapeza kuti odwala otere anathandizidwa ndi steroid kuposa omwe anabayidwa madzi opanda mankhwala. Koma pa ululu wamba wopanda kutupa kotere, kafukufuku wodalirika ndi wochepa ndipo zotsatira zake sizigwirizana. Bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala za boma ku England, linanena mu 2016 kuti majakisoni a pamsana asamaperekedwe pofuna kuchiza kupweteka kwa msana wakumunsi. Mu February 2025, gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana linalemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ kuti silikulimbikitsa majakisoni a m'mfundo za msana kwa anthu odwala msana kwa nthawi yaitali popanda khansa, tizilombo kapena nyamakazi yotupitsa. Madokotala ambiri othandiza anthu a ululu anatsutsa mwamphamvu, ponena kuti malangizowo anaphatikiza odwala osiyana m'thumba limodzi ndipo sanasiyanitse osankhidwa mosamala ndi ongobayidwa. Mkanganowu sunathe.

Ine ndimaona kuti jakisoniyu ndi wamphamvu pofunsa funso kusiyana ndi pochiza. Akapatsa munthu masabata angapo opanda ululu, masabatawo ndi oti agwiritsidwe ntchito: kuyamba mafizo olimbitsa minofu ya m'mimba, ya m'matako ndi ya m'ntchafu, kukonza nsapato ngati mwendo wina ndi wofupika, kuzolowera kuyendanso. Amene amangobayitsa n'kukagona kudikira kuti achire, amabwereranso pa tebulo lomwe lija. Ndipo kubwerezabwereza kuli ndi malire. Madokotala ambiri salola kupitirira katatu kapena kanayi pachaka, chifukwa steroid akachuluka amafewetsa mafupa komanso kusokoneza mahomoni a m'thupi.

Kwa ochepa omwe majakisoni atsimikizira vuto lawo koma ululu ukubwererabe, pali njira zina ziwiri. Yoyamba n'kuwotcha timitsempha totumiza uthenga wa ululu kuchokera kumbuyo kwa mfundoyi, pogwiritsa ntchito singano yotenthetsedwa ndi magetsi. Timitsemphato timaphukanso, choncho mpumulo sukhala wamuyaya, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku Netherlands mu 2017 anapeza kuti kuwonjezera njirayi pa mafizo sikunabweretse kusiyana kwenikweni. Yachiwiri ndi opaleshoni yolumikiziratu mafupa awiri aja ndi zitsulo kuti asasunthenso. Imeneyi ilibe pobwerera. Amayi oyembekezera saikidwa m'gulu la olandira jakisoniyu kapena njira ziwirizi: X-ray imapewedwa, ndipo ambiri amathandizidwa ndi mafizo, lamba womanga m'chiuno ndi kugona ndi mtsamiro pakati pa mawondo.

Zovuta za jakisoniyu nthawi zambiri n'zazing'ono. Pobayapo pamawawa masiku awiri kapena atatu. Nkhope imatha kutentha, tulo n'kusowa usiku umodzi kapena uwiri. Dzanzi likafika pa mtsempha waukulu wopita kumwendo, mwendo umalemera kwa maola angapo, ndipo n'chifukwa chake wodwala amauzidwa kubwera ndi womuperekeza, osayendetsa yekha galimoto kapena njinga. Odwala shuga ayenera kudziwa kuti shuga amakwera kwa masiku angapo. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin ayenera kunena dokotala asanagwire singano. Kulowa kwa tizilombo sikuchitikachitika, koma kukachitika n'koopsa. Mu 2012 ku America, mankhwala a methylprednisolone opangidwa ndi kampani ya New England Compounding Center anapezeka kuti anali ndi nkhungu. Anthu oposa 750 omwe anabayidwa pamsana ndi m'mfundo anadwala, ndipo oposa 60 anamwalira. Vuto silinali luso la obaya koma ukhondo wa kumene mankhwalawo anachokera.

Pali zinthu ziwiri zomwe mabuku olembedwa ku Ulaya ndi ku America amangozitchula modutsa, koma kwa ife kuno kummwera kwa Africa n'zazikulu. Choyamba chikukhudza amene ali pa ma ARV. Mankhwala ena a HIV, makamaka amene munthu amasinthiridwa oyamba akasiya kugwira bwino ntchito, amakhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir wophatikiza ndi ritonavir. Ritonavir amalepheretsa chiwindi kuphwanya ma steroid ena, makamaka triamcinolone. Jakisoni mmodzi yekha amatha kukhala m'thupi kwa miyezi, nkhope n'kutupa, shuga n'kukwera, thupi n'kusiya kupanga mahomoni ake. Wodwala asachite manyazi kutchula mankhwala onse omwe akumwa, kapena angotenga mabotolo ndi buku la kuchipatala n'kumuonetsa dokotala, chifukwa pali mankhwala ena omwe angasankhidwe.

Chachiwiri ndi TB. Ambiri timaidziwa ngati matenda a chifuwa, koma imagwiranso mafupa, ndipo msana ndi malo omwe imakonda kwambiri. Mfundo ya sacroiliac nayo imagwidwa. Imayamba mwakachetechete, ndi ululu wa thako limodzi ndi kutsimphina, zomwe munthu amatha kukhala nazo miyezi yambiri akumwa panado, mwinanso atatemera mphini pachiuno, osaganizako za TB popeza sakutsokomola. Matenda a brucellosis, omwe amachokera ku ng'ombe ndi mbuzi kudzera mu mkaka wosawiritsa kapena pothandiza chiweto kubereka, nawonso amakonda mfundo yomweyi. Steroid amafooketsa chitetezo pamalo pomwe wathiridwa, choncho kumuthira m'mfundo yomwe muli tizilombo kumangokulitsa matenda. Ululu ukamabwera limodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuwonda, ukamamudzutsa munthu pakati pa usiku ngakhale asanatembenuke, kapena ngati munthuyo anadwalapo TB, khansa kapena ali ndi HIV, choyamba ndi kuyeza magazi ndi kujambula. Ngati miyendo yayamba kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osazindikira, limenelo ndi vuto la mitsempha ya mumsana lofunika kuthamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Singano ikalowa m'mfundo yokayikitsa TB, imalowa kukatenga mafinya kapena kachidutswa koti kakayezedwe ku labotale, ndipo matendawa akatsimikizika chithandizo chake ndi mankhwala a TB omwe amamwedwa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo.